Matabwa a Mabenchi

Pamsewu wochokera pa Njuli kupita ku Boma la Chiradzulu pali kanyumba ka malata kamene lero amagulitsamo mbewu ndi mankhwala a ziweto. Easter Mathero akamadutsa pamenepo pa minibasi amatembenuza khosi mpaka kanyumbako katabisika kuseri kwa mabulugama, moti okhala naye pampando amayesa kuti waona m'bale wake. Ayi ndithu. Amakhala akuyang'ana ofesi imene anagwiramo ntchito kuyambira 1996 mpaka 2001, ndipo mpaka lero amaisowa.

Zinali zaka zimene mabungwe ankabadwa mwezi ndi mwezi, ndale za zipani zambiri zitangofika. Bungwe la m'kanyumbaka linali ndi dzina lalitali la Chingerezi lolembedwa pachikwangwani, koma panalibe amene ankavutika nalo. Anthu ankangoti ku ofesi ya phala. Ntchito yake inali kudyetsa ana amasiye mazana awiri m'sukulu zitatu za mkombaphala, komanso kutumiza mavolontiya kukasamalira odwala m'makomo. Odwalawo anali ambiri, ndipo matenda ake anthu sankawatchula dzina.

Mkulu wa bungweli anali a Lawrence Kalinde, mphunzitsi wopuma, munthu wofewa mtima amene mawu oti ayi ankamulemera pakamwa. Ndalama zinkachokera kwa anthu akunja opereka thandizo, amene aliyense ankawatchula kuti madona, ndipo zinkabwera ndi buku la malamulo lonenepa ngati njerwa. A Kalinde anawerenga masamba atatu, mutu n'kuwapweteka. Easter analiwerenga lonse, kawiri. Ndiye ntchito yolemba bajeti, yosunga mapepala ndi yoonetsetsa kuti tambala iliyonse yapita kumene inalembedwa inagwera iyeyo.

Ndipo ankaigwira mosaseka ndi munthu. Mayi wogulitsa nkhuni sankalandira ndalama asanadinde chala. Wa njinga akanyamula thumba la likuni phala ankasaina, ngakhale atadandaula kuti dzuwa likumuthera. Tsiku lina a Kalinde anagula machesi n'kutaya lisiti, Easter anawabweza kusitolo komweko, mkulu wathunthu wa imvi zake. Kuyambira pamenepo dzina loti Mayi Lisiti linamumatirira. Komiti iliyonse, ngakhale mmisiri aliyense amene bungwe lamupatsa ntchito, ankalandira kope la sukulu ndi ulaliki womwewo.

"Chilichonse chotuluka, lembani. Tsiku, chinthucho, dzina la wolandira. Asaine kapena adinde chala."

Anthu ankamunena, koma ankamukonda. Lachisanu lililonse mavolontiya ankabwera ndi malipoti awo, ena kuchokera kutali kwa Magomero, fumbi mpaka m'mawondo. Asanayambe za mapepala ankayamba aimba, a Kalinde n'kumaponda sitepe molakwitsa, aliyense n'kumafa ndi phwete. Kenaka tiyi, chinangwa chophika, nthawi ya nandolo ndiye makata a nandolo odzaza lichero. Easter ankakhala pakona ndi taipilaita yake, zala zili bii ndi kaboni, akunamizira kuti phokosolo likumusokoneza, pamene phazi lake pansi pa tebulo likutsatira nyimbo. Ofesi yonse inkanunkhira ufa wa soya. Njinga yamoto ya bungwe sinkalira popanda kukankha, ndipo m'mawa wa chiperoni, phiri la Chiradzulu litafunda mtambo, Mayi Lisiti yemweyo ankavula nsapato n'kuikankha mpaka potsetsereka. Malipiro anali ochepa, maliro anali ochuluka, koma ukamufunsa Easter lero amakuuza kuti sanakhalepo wokondwa pantchito ngati mmene analili masiku amenewo.

M'bajeti ya chaka cha 2000 analembamo mabenchi makumi anayi, kuti ana asamadyere phala pafumbi. Madona anavomera. Matabwa a paini anagulidwa ku Limbe, ndi makotesheni a mitengo ochokera m'masitolo atatu monga buku linkanenera, n'kutulidwa kwa a Nikodemo, kalipentala wa pa Njuli amene anthu ankamudziwa ndi pensulo yosachoka kukhutu. Zonse zinali m'malo mwake.

Mwezi wa Epulo chaka chomwecho mng'ono wake wa Easter, Tawina, anagonekedwa kuchipatala cha pa Boma, ndipo Easter ndiye anali womudikirira. Lipoti la kwa madona linali litatsala masiku awiri. A Kalinde anamulondola kuchipatala komweko ndi pepala lotsimikiza kuti mabenchi onse makumi anayi alandiridwa. Lamulo linali loti wosaina ayambe waona katunduyo ndi maso ake, n'kumuwerenga. Easter anali ndi beseni la zovala za wodwala m'manja. Analiika pansi, n'kusaina pepalalo pachishalo cha njinga yamoto. Pa zaka zonse zija, ndi tsiku lokhalo limene anasaina chinthu osachiona. Tawina anamwalira patapita sabata imodzi.

Chaka chinatha. Easter ankapita kusukulu za mkombaphala mwa apo ndi apo, ndipo akaona mabenchi ochepa pasukulu imodzi ankaganiza kuti ambiri ali kwinako. Mu Meyi 2001 kunabwera kalata yoti madona akutumiza odita, munthu wodzafufuza mabuku ndi kuwerenga katundu yense, ndipo ndalama za phala za miyezi yotsatira zidzatuluka iyeyo akakhutira. Easter sanade nkhawa. Anatenga faelo yake n'kuzungulira sukulu zonse zitatu tsiku limodzi, kuti angotsimikiza. Pa yoyamba anapeza mabenchi asanu. Pa yachiwiri asanu. Pa yachitatu anayi. Anawerenganso, ngati kuti mabenchi amabisala. Anali khumi ndi anayi basi.

Anafika kwa a Nikodemo thukuta lili kamukamu.

"Takulandirani, mayi," anatero mkuluyo akusasa utuchi pamalaya. "Ndimadziwa kuti tsiku lina mudzabwera. Khalani kaye pansi."

"Ndikhale pa chiyani, a Nikodemo? Mabenchiwo ndi amene ndikufuna. Twente sikisi ali kuti?"

A Nikodemo analowa m'kashedi kawo n'kutuluka ndi kope lija Easter anawapatsa yekha, atalikutira bwinobwino ndi pepala la thumba la simenti.

"Munatiuza nokha kuti chilichonse chotuluka tizilemba. Ine sindinaphonyeko."

Easter anatsegula. Masamba awiri oyamba anali a mabenchi. Kuyambira tsamba lachitatu munali mizere yojambulidwa ndi rula, mwaukhondo: tsiku, dzina, kutalika kwa munthu, matabwa angati, misomali ingati, ndi chala cha wolandira. Mzere woyamba unali wa mayi Kristina, mafiti asanu, matabwa asanu. Wotsatira unali wa Jonathan wa kwa Magomero, mafiti sikisi. Kenaka mwana wa Doreen, mafiti awiri ndi theka, matabwa awiri. Anali mabokosi a maliro, khumi ndi asanu ndi awiri.

"Zinayamba ndi mayi Kristina aja," anatero a Nikodemo. "Mukuwakumbuka, volontiya uja ankayambitsa nyimbo. Asambitsa odwala mudzi wonse, ndiye iwowo tikawakulunge mumphasa? Anzawo anabwera pano akulira. Tinati tibwerekeko matabwa asanu, tidzabweza tikakolola. Koma mayi, mukapatsa mmodzi, wachiwiri mumukana bwanji? Munthu wakugwadira apa, mtembo uli m'nyumba, matabwa akuwaona ali apo. Ndimuuze kuti awa ndi okhalira ana?"

"A Kalinde akudziwa?"

"Akudziwa. Anati tisakuuzeni, mungadwale nazo."

Easter anapsa mtima, ndipo anali ndi mawu okwanira oti awakhuthulire mkuluyo. Koma chala chake chinali chikutsikabe ndi mizere ija, monga chinazolowera, ndipo chinaima pa mzere wachinayi. Tawina Mathero, mafiti asanu ndi theka, matabwa asanu. Pa wolandira panalibe kanthu.

Anakumbuka. Tsiku la maliro mavolontiya anafika ndi bokosi pangolo, lopalidwa bwino, n'kunena kuti ndi chipepeso chawo. Iye anathokoza, n'kulira. Munthu amene anabweza bwana wake kusitolo chifukwa cha machesi sanafunse kuti amayi osauka aja bokosi alitenga kuti.

"Pamenepo sitinakuvutitseni," anatero a Nikodemo motsitsa mawu. "Munali pachisoni."

Easter anakhala pachitsa chimene chinali pomwepo. Kenaka anatulutsa cholembera m'chikwama, n'kusaina pamalo opanda kanthu paja. Analemba deti la tsiku lomwelo, osati la chaka chatha, chifukwa kubweza tsiku m'mbuyo buku la malamulo linkaletsa.

M'mawa mwake a Kalinde sanakane chilichonse. Anatseka chitseko cha ofesi, n'kukhala moyang'anana ndi Easter ngati mwana wasukulu amene wagwidwa, koma nzeru anali atakonza kale.

"Ndalankhula ndi akuluampingo," anatero. "Atibwereka mabenchi twente sikisi. Tilembapo manambala athu ndi penti kunsi kwake, odita awerenga, akapita tibweza. Lamulungu lisanafike zonse zili m'malo. Mabungwe onse amatero, mayi."

"Nanga kope la a Nikodemo?"

"Likhale kwa a Nikodemo komweko. Kapena lisowe."

"Bambo, mukundiuza kuti ndiname."

"Ndikukuuzani kuti ana thu handiredi amadya kamodzi patsiku, ndipo kamodziko ndi kathu. Madona akatseka mpopi, mukawauza chiyani? Adye chilungamo?"

Mawu amenewo anamulasa, chifukwa anali oona. Easter anabwerera ku taipilaita yake, ndipo a Kalinde anayesa kuti wavomera. Anagula penti ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Masiku atatu Easter anayenda ngati munthu wodwala malungo. Anapita kusukulu ya mkombaphala nthawi ya phala, n'kuima patali kuonerera ana ali pamzere ndi makapu awo apulasitiki, ena makapuwo akulu kuposa nkhope zawo. Anachita mantha kwambiri. Ankadziwa kuti bodza la mabenchi a tchalitchi likhoza kuyenda bwinobwino, pakuti odita sadziwa benchi la Mulungu ndi benchi la madona. Koma ankadziwanso kuti akanama kamodzi, lipoti lililonse limene analemba zaka zisanu lidzakhala lopanda pake kwa iye mwini. Ndipo panali china chimene chinkamukanika kumeza. Mabenchi akakwana makumi anayi pamapepala, ndiye kuti anthu khumi ndi asanu ndi awiri aja sanaikidwe m'chilichonse, ndipo anthu akunjawo adzapitiriza kutumiza ndalama za mipando kudera kumene anthu akusowa poika akufa awo.

Dzulo lake la tsiku la odita, ngolo yokatenga mabenchi itafika kale pakhomo la ofesi, Easter anatuluka n'kuuza mwini ngoloyo kuti abwerere.

"Mwatipha, mayi," anatero a Kalinde.

"Mwina ndakuphani. Koma pepala lija ndinasaina ndine, ndiye mundilole ndiyankhe ndine."

Odita anali a Albert, bambo wachinyamata wa ku Blantyre, wa tayi ndi nsapato zonyezimira zimene fumbi la kwathu kuno linazichita chipongwe ola loyamba lomwe. M'mabuku sanapezemo banga. Anayamikira mafaelo, anaseka ataona lisiti ya machesi. Kenaka anapita kowerenga katundu. Pasukulu yachitatu anatseka kabuku kawo n'kuyang'ana Easter.

"Fotini, mayi."

"Eya, fotini. Otsalawo ali umu."

Anawapatsa kope lija. A Albert anawerenga ataimirira, tsamba ndi tsamba. Atamaliza anamasula tayi pang'ono.

"Mukudziwa kuti m'bajeti mwanu mulibe ndime ya maliro?"

"Ndikudziwa, bambo. Bajetiyo ndinalemba ndine."

"Ndipo siginecha iyi, yoti mabenchi fote alandiridwa?"

"Ndi yanga. Sindinawaone."

"Dzina ili la Mathero?"

"Mng'ono wanga."

A Albert anapuma mozama. "Ine sindingalembe mwina, mayi. Ndilemba zimene ndapeza."

"N'chifukwa chake ndakupatsani."

Makina okopera mapepala kunalibe kufupi konse, ndipo a Nikodemo kope lawo sankafuna kuti lichoke pa Njuli. Ndiye a Albert anakhala pa limodzi la timabenchi ta ana tija, mawondo ali m'mwamba, n'kukopera pamanja mayina onse khumi ndi asanu ndi awiri, ndi mafiti ake, ndi misomali yomwe. Ana anawazungulira kudzaona mkulu wa tayi amene wabwerera ku mkombaphala.

Ndalama zinaimitsidwa podikira chigamulo. Miyezi inayi imeneyo Easter safuna kuikumbuka, koma ndi imene imamubwerera kwambiri. Likuni phala litatha mu Julaye, mavolontiya anayamba kusonkha ufa wa mgaiwa m'nyumba zawo, mbale imodzi imodzi, chaka chimene chimanga sichinachite bwino. Phala linasanduka lamadzimadzi, lopanda shuga, ndipo linkaphikidwa katatu pasabata. Amayi ena amene kale ankamunyengerera kuti avine anasiya kumupatsa moni. Wina anamulankhula pamsika, mokweza, kuti anthu ophunzira amakonda mapepala kuposa ana. A Kalinde ankati mwadzuka bwanji, basi, n'kulowa m'chipinda mwawo. Lachisanu kunalibenso nyimbo. Easter ankadzifunsa tsiku ndi tsiku ngati sanagulitse phala la ana pofuna kusunga dzina lake, ndipo yankho sankalipeza.

Kalata inafika mu Okutobala. A Kalinde anaiwerenga ataimirira pakhomo, kenaka anampatsira Easter. Madona anati ndalama za matabwa aja sizikuvomerezedwa, zidulidwa ku ndime ya mafuta ndi zinthu za mu ofesi. Anati popeza bungwe linaulula lokha, ndi umboni wolembedwa, thandizo la phala lipitirira. Koma munthu amene anasaina katundu osamuona sangapitirize kuyang'anira ndalama zawo, ndipo achoke pofika kumapeto kwa Disembala.

A Kalinde analira ngati mwana.

"Ndine ndinakubweretserani pepala lija kuchipatala. Ndiwalembera, achotse ine."

"Musawalembere, bambo. Lamulo limenelo lili patsamba 46, ndipo ndi labwino. Ndikanakhala iwowo ndikanachita chimodzimodzi." Easter anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Tumizani uthenga kusukulu, Lolemba aphike phala lenileni."

Lachisanu lotsatira nyimbo zinabwerera, ndipo amayi amene anamumana moni aja ndi amene anamukoka pampando. Tsiku limenelo Easter anavina, koyamba ndi komaliza mu ofesi imeneyo, ndipo anthu anadabwa kuti m'chiuno chimenecho munali zinthu.

Ntchito yake yomaliza inali kulemba bajeti ya 2002. Anaikamo phala, mafuta, sopo wa odwala, ndi mabenchi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi otsala aja. Pansi pake anawonjezera ndime yatsopano, imene sinakhalepo m'bajeti iliyonse ya bungweli: mabokosi a maliro a mabanja osowa. Anamatirapo mayina a m'kope muja monga umboni.

"Savomera zimenezi," anatero a Kalinde. "Madona amakonda zamoyo."

"Akane okha. Ife tapempha."

"Ndiye mwaika angati?"

"Sate."

"Sate! Mabokosi makumi atatu? Mayi, mukufuna kutilodza? Chaka chathunthu ndi miyezi zinatenga seventini okha."

"Ndaikapo ena apadera, kuti asadzakhudzenso matabwa a ana."

Madona anavomera ndime yonse, osachotsapo ngakhale limodzi. Yankho linafika Easter atachoka kale, atapeza ntchito yosunga mabuku pagolosale ina ku Limbe, kumene malipiro anali abwinoko koma kunalibe woimba.

Mu Juni 2002, njala ya chaka chimenecho itayamba kupepuka, anakumana ndi a Nikodemo pakhonde la sitolo ya zitsulo ku Limbe komweko, atanyamula phukusi la misomali. Mkuluyo anali ataonda, kolala ya malaya ikuwakulira. Anagwirana chanza nthawi yaitali, ndipo Easter anafunsa za aliyense, mmodzi ndi mmodzi, mtima ukumuwawa ndi kusowa anthu ake.

"Nanga ana akudya?"

"Akudya, mayi. Njala yonseyi phala silinadukepo tsiku ndi limodzi lomwe. Pakanapanda phala lija tikanaika ambiri. Mabenchinso ndinamaliza, onse fote, mukhoza kudzawerenga."

Easter anaseka, misozi ili m'maso. Kenaka anafunsa za ndime yake ija, ngati ikuwathandiza, ndiponso ngati mwatsala mabokosi angapo oti afike nawo kumapeto kwa chaka.

A Nikodemo anasamutsira phukusi la misomali kudzanja lina.

"Munachepetsa, mayi," anatero. "Anatha mu Epulo."